KACIDUTSWA KA DISO LA WOMWALIRA KAONGOLA DISO LA WAMOYO

M'mamawa pa Machipisa, m'Highfield, anthu a nchito amaima m'mizere kudikira makombi opita ku Southerton, ku Willowvale ndi ku tauni. Mwezi wa October dzuwa limatuluka ndi ukali, pfumbi liri ponse ponse, ndipo mitengo ya jacaranda iri ndi maluwa. Munthu woyang'anitsitsa pa nthawi imeneyo adzaona ana ena a sukulu ali ndi maso ofiira ngati katondo, akuwatikita ndi nkhonya kosalekeza. Adzaonanso mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu wa Form 3 akutsinzina diso limodzi, napempha mnzace kuti amwerengere cikwangwani cimene anthu ena onse akuciona bwino.

Makolo ambiri amati ndi pfumbi cabe, zidzatha mvula ikagwa. Ena amati mwanayo ndi waulesi pa sukulu. Koma madokotala a maso adziwa kuti pakati pa ana otere alipo ena amene ayamba nthenda yochedwa keratoconus, imene imaononga maso pang'ono pang'ono pa msinkhu womwe munthu ayenera kuphunzira ndi kuyamba nchito. Tsopano kwapezeka njira yatsopano yothandizira odwala nthendayi. Inacokera ku India, ndipo ndi yoika kacidutswa ka diso la munthu womwalira m'kati mwa diso la wamoyo.

KAGALASI KA DISO

Kumaso kwa diso kuli kagalasi koonekera, konga galasi la wochi ya pa mkono. Madokotala amakacha cornea. M'mimba mwace muli ngati mamilimita 12, ndipo kucindikala kwace ndi theka la milimita cabe. Nchito yace ndi kupinda kuwala kuti cithunzi cikagwere bwino kumbuyo kwa diso, ndipo pa mphamvu yonse imene diso liri nayo yocitira zimenezi, magawo awiri mwa atatu ali m'kagalasika. Mulibe mitsempha ya magazi m'menemo, ndico cifukwa cace kamaonekera ngati madzi.

Wokwera njinga adziwa cimene cimacitika tayala likatha mbali imodzi: cubu cimakankha pofookapo, ndipo pamatuluka cotupa. Keratoconus iri cimodzimodzi. Kagalasi kamapyapyala ndi kufooka, madzi a m'kati mwa diso namakakankhira kunja, kufikira kamene kanali kozungulira bwino ngati mbale yobvundikira kasanduka kosongoka ngati culu. Kuwala kukadutsa pamenepo kumabalalika. Wodwala amaona nyali imodzi ngati zambiri, malemba amaoneka awiri awiri okhala ndi micira, ndipo usiku magetsi a galimoto amamthobwa m'maso.

Nthendayi si ng'ala ai. Ng'ala imagwira kagalasi kena ka m'kati, kuseri kwa kamwana ka diso, makamaka kwa okalamba. Keratoconus imayamba pa nthawi ya kutha msinkhu, imagwira maso onse awiri ngakhale limodzi limatsogola, ndipo imankabe nikula kufikira munthu ali ndi zaka 30 kapena 40, pamene kawiri kawiri imaima yokha. Siipatsirana. Dokotala John Nottingham wa ku Liverpool ndiye anaifotokoza bwino m'buku lace mu 1854. Kale anthu ankayesa kuti ndi yosowa, pakuti ku Minnesota, m'America, anawerenga mu 1986 munthu mmodzi pa anthu 2,000. Koma pofufuzanso ku Netherlands mu 2017 anapeza mmodzi pa 375.

KUTIKITA MASO

Nthendayi imayenda m'mabanja ena, ndipo imapezekanso kwambiri kwa ana obadwa ndi Down syndrome. Koma cinthu cimene cimaikulitsa koposa, cimenenso kholo liri lonse lingathe kuciletsa, ndico kutikita maso.

M'maiko otentha a mu Africa muli ana ambiri, makamaka anyamata, amene maso ao amayabwa caka ndi caka, kopambana m'cilimwe. Coyera ca diso cimasanduka cofiirira, misozi imatuluka, ndipo mwana sapirira kuwala. Kuyabwako kumamcititsa kutikita usana ndi usiku, ndipo nkhonya ikamapsinja kagalasi kofewa ka mwana kwa zaka zambiri, kamafooka. Cotero kuciza kuyabwa ndiko kuyamba kwa kuteteza diso.

Pano mpofunika kucenjera. Mankhwala ena odontheza m'maso, a mtundu wa steroid, amaletsa kuyabwa msanga, ndipo cifukwa ca ici anthu amawakonda nawagula okha popanda kalata ya dokotala. Akawagwiritsa nchito miyezi yambiri angabweretse ng'ala, kapena nthenda ya glaucoma imene imapha mtsempha wa diso osabwereranso. Kuthira m'maso mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena a masamba kwacititsa khungu anthu ambiri amene maso ao akadacira.

MANDALA AKALEPHERA

Poyamba mandala amathandiza. Koma popeza kagalasi kakusinthabe, mandala a caka cino sagwira nchito caka camawa. Banja limene lagulira mwana mandala kawiri kapena katatu pa zaka zowerengeka, mwanayo nadandaulabe, liyenera kukaikira nthenda imeneyi. Mandala ogula pa msika, ongoyesa ndi kusankha, sangathandize konse diso losongoka.

Mandala akalephera pali timagalasi tolimba tokhazika pa diso peni peni, tochedwa contact lens. Timabisa kusongokako, ndipo ambiri amaona nato bwino ndithu. Koma mtengo wace ndi wokwera, timafuna madzi oyera ndi manja osamba tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wogwira nchito m'pfumbi la m'fakitale kapena pomanga nyumba amabvutika nato.

Kwa munthu wodya za malipiro a pa mwezi iyi si nkhani yaing'ono. Wofuna laisensi ya galimoto amayesedwa maso. Telala ayenera kuona diso la singano, kalaliki ayenera kuwerenga manambala, ndipo mwana wolemba mayeso ayenera kuona za pa bolodi. Mnyamata wa zaka 20 amene maso ace afooka amakhala pakhomo kudyetsedwa ndi makolo amene anayembekeza kuti iye ndiye adzawadyetsa.

Kuimitsa nthendayi kunapezeka ku Dresden, m'Germany, kumene Theo Seiler, Eberhard Spoerl ndi Gregor Wollensak analengeza mu 2003 njira yochedwa cross-linking. Amadontheza pa diso mankhwala acikasu a riboflavin, ndiye vitamini B2, kwa mphindi 30, kenaka nawalitsapo kuwala kwa ultraviolet kwa mphindi zina 30. Ulusi wa m'kagalasi umagwirana nulimba. Njirayi siibweza diso mwakale. Imangoliimika pomwe lafika. Imafunanso kuti kagalasi kakhale kasanapyapyale kwambiri. Ndico cifukwa cace kufika msanga ku cipatala kuli kofunika, monga anena akulu kuti m'mera mpoyamba.

KUSINTHA KAGALASI

Diso likafika poipa, kapena pakati pace pakacita cipsera, njira yakale ndiyo kudula kagalasi kodwalako ndi kusokererapo ka munthu wina. Woyamba kucita izi bwino anali Dr. Eduard Zirm, pa 7 December, 1905, mu mzinda wa Olomouc umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Wodwala wace anali wa nchito ya m'munda amene maso ace onse anapsya ndi laimu. Kagalasi kanacokera kwa mnyamata wa zaka 11 amene diso lace linayenera kucotsedwa cifukwa ca ngozi. Diso limodzi la bamboyo linaona, nabwerera ku nchito yace.

M'zaka za m'ma 1930 Vladimir Filatov wa ku Odessa anaonetsa kuti kagalasi ka munthu womwalira, kakasungidwa pozizira, kamagwira nchito bwino lomwe. Mu 1944 Dr. R. Townley Paton anatsegula ku New York nkhokwe yoyamba ya maso, yosonkhanitsa ndi kugawira zipatala. Popeza m'kagalasi mulibe mitsempha ya magazi, thupi silifulumira kukakana monga licitira ndi impsyo kapena mtima, ndipo sikufunika kuti magazi a wopereka ndi a wolandira afanane.

Komabe opareshoni imeneyi ndi yaikulu. Ulusi wosokera, wocepa kupambana tsitsi, umakhala m'diso caka kapena kupitirira. Wodwala amadontheza mankhwala miyezi yambiri, namabwerera ku cipatala kawiri kawiri. Diso losokedwa silikhalanso lolimba monga kale, kotero kuti nkhonya kapena mpira ungaling'ambe. Ngakhale patapita zaka thupi lingayambe kukana, ndipo zizindikiro zace ndizo kufiira, kupweteka, kuopa kuwala ndi kucepa kwa kuona. Woona izi ayenera kuthamangira kwa dokotala tsiku lomwelo. Masiku ano madokotala ambiri amasintha mbali ya pamwamba yokha, nasiya kakhungu ka pansi ka mwini diso, kuti ngozi ya kukana icepe.

MKOMBERO WA LICERO

Licero limakhala lozungulira bwino cifukwa ca mkombero wace. Nzeru imeneyi ndiyo inafika m'mitima ya madokotala: bwanji osalowetsa kanthu kokhota m'mphepete mwa kagalasi, kuti nsonga yace itsike, m'malo modula conse? Mu 2000 Dr. Joseph Colin wa ku Brest, m'France, analengeza kuti wathandiza odwala keratoconus ndi timphete ta pulasitiki. Njirayo inafala, koma inali ndi bvuto lace. Pulasitiki ndi wolimba, diso ndi lofewa. Kwa odwala ena, makamaka otikita maso, kamphete kamadya nyama ya diso pang'ono pang'ono mpaka kutulukira kunja, ndipo kamayenera kucotsedwa.

Amene anapeza yankho ndi dokotala wamkazi, Dr. Soosan Jacob, wa pa cipatala ca Dr. Agarwal's Eye Hospital ku Chennai, m'India. Iye anaganiza kupanga kamphete ka nyama ya diso yeni yeni m'malo mwa pulasitiki, nalengeza zotsatira za odwala ace oyamba mu 2018. Njirayi imachedwa CAIRS.

Kacitidwe kace nkotere. Dokotala amatenga kagalasi ka munthu womwalira kocokera ku nkhokwe ya maso, nacotsa kakhungu ka pamwamba ndi ka pansi, nasiya nyama ya pakati. Pa nyamayo amadula kacingwe kokhota konga mwezi watsopano. Kenaka amadontheza mankhwala ocititsa dzanzi m'diso la wodwala, amene amakhala ali maso, naboola kanjira kozungulira m'kati mwa kucindikala kwa kagalasi kace, kawiri kawiri ndi makina a laser. Kacingweko amakalowetsa m'kanjiramo. Mphepete ikacindikala, nsonga imatsika, ndipo kuwala kumayamba kudutsa molongosoka. Sasoka, ndipo wodwala amabwerera kwao tsiku lomwelo. Kawiri kawiri amacitanso cross-linking, kuti diso loongokalo lilimbe.

Ubwino wace ndi wambiri. Nyama imakhala bwino ndi nyama inzace, kotero kuti ngozi ya kutulukira kunja imacepa kwambiri. Pakati pa diso, pamene munthu amaonera, pamakhalabe pa mwini wace. Ngozi ya kukana ndi yaing'ono, popeza kacidutswako nkocepa ndipo kacotsedwa kakhungu kamene thupi limalimbana nako koposa. Dokotala angadule kacingwe monga mwa kusongoka kwa diso liri lonse, ndipo ngati sikanakhale bwino angakasinthe kapena kukacotsa. Kuonjezera apo, kagalasi kamene sikayenera kusokeredwa kathunthu, cifukwa kakhungu kace ka pansi kafooka, kangagwirebe nchito imeneyi, ndipo kamodzi kangathandize odwala oposa mmodzi. Madokotala a ku Turkey, Lebanon, Australia ndi maiko ena anaitengera njirayi.

Koma asanamizidwe munthu. CAIRS siicotsa nthenda, ndipo ambiri amabvalabe mandala pambuyo pace, kungoti tsopano mandalawo amagwira nchito. Siithandiza diso limene liri ndi cipsera pakati. Limenelo limafunabe kusintha kagalasi. Monga opareshoni iri yonse, tizirombo tingalowe pa bala. Popeza njirayi ndi yatsopano, madokotala akali kulondola odwala ao kuti aone mmene maso adzakhalira patapita zaka zambiri. Ndipo wobwerera ku kutikita maso amaononga nchito yonse.

MASO ACOKERA KUTI?

Njira yakale ndi yatsopano zonse zitsamira pa cinthu cimodzi cimene fakitale siipanga: kagalasi ka munthu amene anabvomera kukapereka. Ciwerengero ca dziko lonse lapansi, cofalitsidwa mu 2016, cinaonetsa kuti m'caka ca 2012 munacitika maopareshoni osintha kagalasi ngati 185,000 m'maiko 116, pamene odikira anali ngati 12,700,000. Pa maso 70 ofunika panali kagalasi kamodzi kokha.

Maiko ambiri a mu Africa amaitanitsa kuchokera kunja, makamaka ku America, pa ndege. Mphatso yeni yeniyo ndi yaulere, koma kuyesa, kusunga ndi kunyamula kumalipidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kagalasi kosungidwa pozizira sikapitirira masabata awiri. Ico ndico cimakweza mtengo kufikira wa nchito wamba sangaufike.

Koma alipo maiko osalemera amene anadzithandiza okha. Ku Sri Lanka Dr. Hudson Silva anayambitsa bungwe la opereka maso mu 1961, ndipo pofika 1964 dzikolo linayamba kutumiza maso kunja, poyamba ku Singapore. Anthu a kumeneko amayesa kupereka maso nchito ya cifundo yolemekezeka. Ethiopia inatsegula nkhokwe yace ya maso ku Addis Ababa mu 2003, ndipo amene amapereka ndi eni dziko.

MANTHA A PA MALIRO

M'Highfield, Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa muli ana ndi zidzukulu za anthu amene anadza kuno ndi Ulere ndi Mthandizi kucokera ku Nyasaland, ndi ena ocokera ku Tete ndi ku Chipata. Mabungwe ao a maliro ndi olimba, ndipo ulemu wao pa womwalira ndi wodziwika. Kwa ambiri a iwo mau akuti kucotsa kanthu pa mtembo ndi olemera. Ena amati munthu ayenera kupita kwa makolo ace ali wathunthu. Ena amakumbukira kuphedwa kwa anthu acialubino ku Malawi, kumene kunacititsa Nyumba ya Malamulo kukhwimitsa zilango za Anatomy Act mu 2016. Mantha amenewa ali ndi cifukwa cace, ndipo sayenera kusekedwa.

Koma kuba ziwalo mumdima ndi kupereka mphatso poyera ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'Zimbabwe liripo lamulo lochedwa Anatomical Donations and Post-mortem Examinations Act, limene limayendetsa za kupereka mbali za thupi. Mwambo wa nkhokwe za maso ndi wakuti sizitenga kanthu popanda cilolezo, ndipo sizilipira banja. Kagalasi kamacotsedwa maola ocepa munthu atamwalira, ndipo nchitoyo siitha ola limodzi. Zikope zimatsekedwa bwino, nkhope siisintha, oona nkhope pa maliro sazindikira kanthu, ndipo ulendo wa ku manda kapena wa kumudzi sucedwa. Magazi a womwalira amayesedwa HIV ndi hepatitis kuti wolandira asatenge nthenda. Wokalamba, wobvala mandala, ngakhale amene anali ndi ng'ala, angathe kupereka. Wolandira satenga mtundu wa maso kapena khalidwe la womwalira, pakuti cimene walandira ndi kagalasi koonekera cabe.

Pa mwambo wa Acewa, Ayao ndi Alomwe mau otsiriza pa maliro amakhala ndi mwini mbumba ndi akulu a banja. Cifukwa cace munthu amene mtima wace wabvomera ayenera kuuza amalume, akazi kapena amuna ace ndi ana ace iye akali moyo. Pa tsiku la cisoni palibe amene adzayamba nkhani yotere ngati mwini wace sanainene. Abusa, mashehe ndi akomiti a mabungwe a maliro ndiwo ali ndi mpata wabwino wokambirana izi ndi anthu ao modekha.

COYENERA KUCITA KHOLO

Mwana amene maso ace amayabwa caka ndi caka apite naye ku kiliniki, ndipo aletsedwe kutikita. Nsaru yoyera yonyowa ndi madzi ozizira, yoikidwa pa zikope, imacepetsa kuyabwa. Kholo liyese diso liri lonse pa lokha, potseka linzace ndi dzanja, pakuti diso labwino limabisa loipa. Ngati mandala asinthidwa kawiri kawiri, kapena mbale wina ali ndi nthendayi, apemphe kalata yopita kwa dokotala wa maso, nafunse poyera ngati iri keratoconus. Alipo makina ojambula mapu a kagalasi amene amaiona isanakule.

M'Harare cipatala ca maso ca Boma ndi Sekuru Kaguvi, cimene ciri mbali ya Parirenyatwa. Ku Bulawayo kuli Richard Morris. Ku Malawi kuli zipatala za maso za Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiponso ca ku Nkhoma. Diso la wodwala keratoconus likayera mwadzidzidzi ngati mkaka, ndiye kuti kakhungu ka pansi kang'ambika ndipo madzi alowa. Kawiri kawiri limayeranso lokha patapita miyezi, koma limafuna dokotala, osati mankhwala a pa msika.

Mwana amene lero akutikita maso pa Machipisa, akapezeka msanga, angathandizidwe ndi madontho ndi kuwala kokha. Akacedwa adzafuna kacidutswa ka diso la munthu wina, ndipo kacidutswako kadzapezeka pokha pokha ngati banja lina, pa tsiku la maliro ao, linabvomera.